Dzuŵa la Okutobala ndi Khungu la Ana Athu

Mwezi wa Okutobala wafikanso kuno ku Ludzi. Nyenje zayamba kulira m'mitengo, fumbi lili koboo m'misewu ya kumidzi, ndipo aliyense ali kalikiliki kugalauza m'munda kuti mvula yoyamba impeze atakonzeka. M'nyengo yotereyi timadera nkhaŵa zitsime zouma ndi ziŵeto zoonda, koma si kaŵirikaŵiri kuti tikumbukire khungu limene likusenza dzuŵa lonseli. Mwezi uno tafuna kuti tikambirane za khungu, ndipo tiyamba ndi zimene tinaona ndi maso athu.

Chaka chatha, nyengo ngati yomwe ino, tinali ndi mtsikana wa zaka 10 m'kalasi mwathu mu Sitandade 4, wobadwa ndi khungu lachialubino. Dzina lake sitilitchula. Lolemba lina anafika khosi ndi makutu zili psuu, milomo itang'ambika, kotero kuti kolala ya yunifolomu ikamkhudza anali kusisima. Madzulo ake tinapita kukaona mayi ake. Iwo anatiyalira mphasa pakhonde, natitulutsira kabotolo kakang'ono ka mafuta achikasu.

"Aphunzitsi," anatero mayiwo, "mwanayu ndikumdzoza ndithu m'maŵa uliwonse. Wogulitsa pa msika anandiuza kuti aŵa ndi mafuta a vitamini, amphamvu kuposa aja a kuchipatala, ndiponso satuŵitsa nkhope ngati phulusa. Ndinagulitsa ndowa ya mtedza kuti ndiwapeze."

Mafuta a kuchipatala anali atatha, ndipo mayiwo sanaone chifukwa chopitiranso kukatenga ena. Loŵeruka lapitalo mwanayo anali atatandala m'munda, kuthandiza kugalauza.

Mayi ameneŵa sanali osasamala. Anachita zimene kholo lililonse lachikondi likadachita. Chimene chinawasokeretsa ndi mawu amene mbali yake ina ndi yoona, ndipo mawu omwewo achinyamata athu akuwaŵerenga pa mafoni masiku ano: akuti vitamini C ndi vitamini E amathandiza khungu kulimbana ndi dzuŵa. Amathandizadi, koma thandizo lake lili ngati la kuzira pansi m'nyumba imene yafoleredwa kale. Munthu akazira bwinobwino, nasiya nyumba yopanda denga, mvula ya Disembala idzamuonetsa ntchito imene inayenera kuyamba.

Chimene dzuŵa limachita pa khungu

M'kuŵala kwa dzuŵa muli cheza china chimene maso sachiona, ndipo thupi silichimva ngati kutentha. Akatswiri amachitcha ultraviolet, polemba mwachidule amati UV. Cheza chofika pansi pano chili cha mitundu iŵiri. Cha UVB chimathera pa khungu la pamwamba, ndipo ndicho chimene chimapsereza ndi kutulutsa matuza. Cha UVA chimaloŵa m'kati kwambiri, chimakalambitsa khungu msanga, ndipo chimapyola ngakhale galasi la pa zenera. Mitundu yonse iŵiri imawononga malangizo obisika m'tizigawo tating'onoting'ono ta khungu, amene amalamulira kakulidwe kake. Thupi limakonza zambiri mwa zowonongekazo, koma zina zimatsalira, ndipo zimaunjikana chaka ndi chaka. Tsiku lina kachigawo kamodzi kamayamba kukula kosamveranso lamulo, ndipo pamenepo ndiye kuti khansa ya pakhungu yayamba.

Kuno ku Mchinji cheza chimenechi n'champhamvu pa zifukwa ziŵiri. Choyamba, kaŵiri pa chaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, dzuŵa limadutsa paliwombo penipeni. Ana a sukulu angathe kudzionera okha: mukazika ndodo pabwalo masiku amenewo, pofika pakati pa usana mthunzi wake umabisala patsinde. Chachiŵiri, boma lathu lili pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo munthu akakwera mamita 1,000 alionse cheza chimawonjezeka ndi magawo pafupifupi 10 mwa 100. Mwezi wa Febuluwale ndiwo umatinyenga kwambiri, pakuti mitambo yopyapyala imachepetsa kutentha koma imalola cheza chochuluka kudutsa. Munthu angapse pa tsiku la mitambo, ali mkati mobandira.

Khungu lakuda lili ndi chotchinga chake chachibadwa chotchedwa melanin, chimene chimamwa cheza chisanapite patali. N'chifukwa chake ambiri a ife timalima tsiku lonse osatuluka matuza, ndipo khansa yobwera ndi dzuŵa siichuluka pakati pathu. Sitikuti dzuŵa ndi mdani, pakuti ndilo limathandiza thupi kupanga vitamini D wolimbitsa mafupa. Komabe melanin satchinga zonse. Dzuŵa limadetsa maŵanga amene ziphuphu zasiya pankhope, ndipo limafulumizitsa ng'ala m'maso mwa okalamba.

Mwana wachialubino amabadwa ndi melanin wochepa kwambiri, mwina wopanda konse. Izi zimachitika pamene bambo ndi mayi onse aŵiri, ngakhale ali akuda bii, ali ndi mbewu yake yobisika kuchokera kwa makolo awo. Pa banja lotere, mimba iliyonse ili ndi mpata umodzi mwa inayi wobereka mwana wachialubino. Si temberero, si mlandu wa mayi, ndipo sikupatsirana. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malaŵi muno. Ameneŵa ndi anthu ambiri, ndipo maina onyoza aja, monga napweri ndi mzungudala, sayenera kumvekanso pakamwa pa ana athu. Kuyambira mu 2014 tonse tinalira pakumva za anthu oipa mtima amene anali kuba ndi kupha abale athuŵa. Koma dzuŵa limapha ambiri koposa, ndipo limapha mwakachetechete. Malipoti a bungwe la United Nations anena kuti m'maiko ena a mu Africa achialubino ambiri safika zaka 40 chifukwa cha khansa ya pakhungu, nthenda imene ingathe kupeŵedwa.

Denga: mthunzi, chovala ndi mafuta oteteza

Chitetezo choyamba sichigulidwa m'botolo. Ndicho mthunzi, malaya a manja aatali a nsalu yothithikana, ndi chipeŵa cha khonde lalikulu lophimba makutu ndi khosi. Kapusi imasiya makutu ndi nkhongo padzuŵa, pamene malo amenewo ndiwo khansa imakonda kuyambira. Kuti mudziŵe ngati nsalu ili yoyenera, iyang'anitseni kudzuŵa: ngati kuŵala kukupyola kwambiri, chezanso chipyola. Dzuŵa limaluma koposa kuyambira 10 koloko m'maŵa mpaka 4 koloko madzulo. Ana opanda wotchi tiwaphunzitse lamulo losavuta ili: mthunzi wako ukafupika kuposa msinkhu wako, funa mtengo.

Pa malo amene chovala sichifika, monga nkhope, milomo, khosi, manja ndi mapazi, m'pamene pamafunika mafuta oteteza ku dzuŵa. M'mafuta ameneŵa muli mankhwala ogwira cheza chisanaloŵe m'khungu. Ena mwa mankhwalawo ndi ufa woyera wa zinc oxide ndi titanium dioxide, umene umasiya nkhope yotuŵa pang'ono. Kutuŵa kumene mayi aja anali kudana nako ndiko chizindikiro chakuti chotchinga chili pamalo pake.

Pa botolo pamalembedwa zilembo zakuti SPF, kenaka nambala. Mafuta a SPF 15 amatchinga magawo 93 mwa 100 a cheza cha UVB, a SPF 30 magawo 97, ndipo a SPF 50 magawo 98. Palibe mafuta otchinga chonse. Wachialubino amafunika a SPF 50, ndipo pa botolo pakhalenso zilembo zakuti UVA kapena mawu akuti broad spectrum, kutanthauza kuti amatchinga mitundu yonse iŵiri ya cheza. Botolo lopanda SPF, ngakhale litchule mavitamini khumi, si loteteza ku dzuŵa. Chimodzimodzi vaselini, mafuta a nsatsi ndi mafuta ophikira: amafeŵetsa khungu, koma cheza chimadutsa ngati palibe kanthu.

Manambala amenewo amakwaniritsidwa pokhapokha munthu atadzola okwanira. Wamkulu amafunika supuni yaing'ono ya tiyi imodzi ku nkhope, makutu ndi khosi, ina ku mkono uliwonse, inanso ku mwendo uliwonse umene uli poyera. Adzole kutatsala mphindi 20 kuti atuluke, abwerezenso pakatha maola aŵiri alionse, ndiponso akatuluka thukuta kwambiri kapena akasamba. Ambiri timadzola mongopaka kuti botolo lichedwe kutha, koma potero timachepetsa mphamvu yake.

Mu Sepitembala 2025 bungwe la World Health Organization linaika mafuta ameneŵa pa mndandanda wa mankhwala ofunika amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo. Tsono kholo lopita kukapempha mafuta a mwana wake lisachite manyazi ngati likupempha zodzikongoletsera. Likupempha mankhwala, monga mmene wina amapemphera mankhwala a malungo.

Kuzira pansi: mavitamini oletsa dzimbiri

Tsopano tibwerere ku kabotolo kachikasu kaja. Pa mabotolo otere pamalembedwa mawu akuti antioxidant. Kuti timvetse tanthauzo lake, tiyeni tiloŵe m'khitchini. Mukadula peyala n'kulisiya pa mbale, posachedwa limada. Khasu logona kunja limachita dzimbiri. Nsinjiro zokhalitsa zimanunkha. Zonsezi ndi ntchito ya mpweya wa okosijeni, umene umatipatsa moyo komanso umadya zinthu pang'onopang'ono. Koma mukafinyira ndimu pa peyala lija, limachedwa kuda, chifukwa vitamini C wa m'ndimu amadzipereka kuti awonongeke ndiye m'malo mwa peyala. Chinthu chilichonse chogwira ntchito yotere ndicho antioxidant. Ife tingachitche choletsa dzimbiri.

Cheza chimene chapyola chovala ndi mafuta, makamaka cha UVA, chimabutsa m'khungu tinthu tosakhazikika totchedwa free radicals. Tili ngati mbaliŵali zothetheka kuchokera pa moto, zimene zimaboola nsalu pamene zagwera. Vitamini C, vitamini E, ndi utoto wachikasu ndi wofiira wa m'zipatso ndi ndiwo zamasamba, zimazima mbaliŵali zimenezi. Motero ntchito zili ziŵiri zosiyana. Mafuta a SPF amaletsa cheza kuloŵa. Zoletsa dzimbiri zimachepetsa chiwonongeko cha cheza chimene chaloŵa kale, koma pazokha sizitchinga cheza.

Akatswiri anaziyesa zimenezi. Mu 2003, pa Duke University ku America, gulu la dokotala Sheldon Pinnell linapaka pa khungu la nkhumba madzi okhala ndi magawo 15 mwa 100 a vitamini C ndi gawo limodzi la vitamini E. Khungulo linapirira cheza kanayi kuposa losapakidwa. Mu 2005 anawonjezamo mankhwala a m'zomera otchedwa ferulic acid, ndipo kupirirako kunafika kasanu ndi katatu. Zimenezi n'zolimbikitsa, koma tiyerekeze 4 kapena 8 ndi 50 uja wa pa botolo la kuchipatala. Tikumbukirenso kuti iwo anayesa kufiira ndi kuwonongeka kwa khungu la nyama kwa masiku oŵerengeka, pogwiritsa ntchito mankhwala osakanizidwa mosamala. Vitamini C sachedwa kufa akakumana ndi kutentha, kuŵala ndi mpweya. Madzi ake akasanduka ofiirira ngati tiyi, ndiye kuti mphamvu yatha. Nanga kabotolo kamene katandala pa benchi ya msika mwezi wonse wa Okutobala kangatsale ndi chiyani?

Kuyesa kwina kunachitika pa anthu. M'tauni ya Nambour ku Australia, kuyambira 1992 mpaka 1996, madokotala anatsatira anthu 1,621. Ena anauzidwa kudzola mafuta oteteza tsiku ndi tsiku, ena kudzola pamene afunira. Enanso anapatsidwa mapiritsi a beta-carotene, amene ndi choletsa dzimbiri cha m'karoti ndi maungu. Pomaliza, odzola tsiku ndi tsiku anapezeka ndi zotupa zochepa za khansa ya mtundu wa squamous cell, kuchepa kwake pafupifupi magawo 40 mwa 100. Mtundu umenewu ndiwo umavutitsa kwambiri achialubino kuno ku Africa. Koma mapiritsi aja sanasinthe kanthu. Pamenepa phunziro lili poyera: chimene chinapulumutsa anthu ndi chizoloŵezi chodzola tsiku ndi tsiku.

Tsono amene ali ndi ndalama zogulira zonse ziŵiri angathe kuphatikiza, ndipo adzapindula. Koma amene ndalama zake zikukwanira chimodzi chokha, agule chipeŵa ndi mafuta a SPF. Mavitamini ali ndi njira ina yofikira pa khungu, yotsika mtengo, ndipo njirayo imadzera pa mbale.

Zoletsa dzimbiri za m'munda mwathu

Khungu limamangidwa ndi zimene timadya. Vitamini C ali wochuluka m'magwafa kuposa m'malalanje, alinso m'malambe, m'mapapaya, m'mango, m'mandimu ndi m'tomato. Vitamini E ali mu mtedza, m'mpendadzuŵa, m'mapeyala ndi m'mtima wa chimanga, umene umatsala mu mgaiwa koma umatayika pokonola. Utoto wachikasu uli m'maungu, m'mbatata yofiira m'kati monga ya Zondeni, ndi m'ndiwo zobiriŵira monga nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa ndi luni. Mbale ya nkhwani wotendera, wothira tomato, yaphatikiza zonsezi pamodzi, ndipo mafuta a mu nsinjiro amathandiza thupi kuyamwa utoto wachikasuwo. Amayi athu anali kuphika chakudya cha khungu kalekale asanamve mawu akuti antioxidant. Chofunika kusamala n'chakuti vitamini C amawonongeka ndiwo zikaŵira nthaŵi yaitali, ndiponso zikathiridwa soda kapena chidulo. Ndiwo zamasamba ziphikidwe ndi madzi ochepa, mwachangu, ndipo ana azidya zipatso zaziŵisi tsiku ndi tsiku pamene zilipo.

Kuti chakudya ndi dzuŵa zimakumana pa khungu, dziko lathu linaphunzira moŵaŵa. Akuluakulufe tikukumbukira abale athu a ku Mozambique amene anathaŵira kuno nthaŵi ya nkhondo ya kwawo. Mu 1990 anthu oposa 17,000 mwa othaŵa nkhondowo anadwala nthenda yotchedwa pellagra. Khungu linali kuda ndi kusupuka pa malo okhawo ofikidwa ndi dzuŵa, pa manja, pa mapazi, ndi kuzungulira khosi ngati mkanda. Ena anatsegula m'mimba, ena anasokonezeka mutu. Nthendayi imadza munthu akasoŵa vitamini B3, amene thupi limalephera kumtulutsa mokwanira m'chimanga. Inabuka pamene mtedza unaleka kupezeka pa chakudya chimene anali kulandira, natsala ndi ufa, nyemba pang'ono ndi mafuta. Anthu amenewo anali akuda ngati ife, koma chakudya chitapereŵera khungu lawo linagonja ku dzuŵa.

Mchinji ndi kwawo kwa mtedza. N'zomvetsa chisoni kuti timagulitsa wonse m'mwezi wa Juni, osasiyako wotendera, kenaka n'kukagula m'kabotolo vitamini amene tinamtaya ndi ndowa. Komabe tisapitirire malire: chakudya chabwino chimalimbitsa khungu, koma sichiloŵa m'malo mwa chipeŵa. Mwana wachialubino amene wadya magwafa khumi adzapsabe akatandala padzuŵa.

Dongosolo la tsiku ndi tsiku

M'mera mpoyamba. Mwana akazoloŵera ali wamng'ono, adzazichita yekha monga mmene amatsukira mkamwa. Dongosolo lake nali.

M'maŵa asambe ndi sopo wosaluma, napukute mosakhula. Ngati pali madzi a vitamini C ochokera ku sitolo ya mankhwala yodalirika, apake madontho oŵerengeka pa khungu louma, nadikire kuti aume. Ngati palibe, palibe chimene chalakwika. Pambuyo pake adzole mafuta a SPF, osaiŵala milomo, nsonga za makutu, nkhongo ndi pamwamba pa mapazi. Mafuta a SPF ndiwo amakhala pamwamba nthaŵi zonse, ndipo asasakanizidwe ndi mafuta ena pofuna kuti achuluke. Kenaka avale malaya a manja aatali ndi chipeŵa, ndipo ngati n'kotheka magalasi akuda otchinga UV, pakuti maso a wachialubino amavutika ndi kuŵala.

Masana botolo likhale m'chikwama cha mabuku, kuti adzolenso pa nthaŵi yopuma ndiponso poŵeruka, popeza ulendo wobwerera kunyumba umachitika dzuŵa lili paliwombo. Ntchito za kumunda, kutunga madzi ndi kuŵeta mbuzi zichitike mbandakucha kapena dzuŵa litapendeka.

Madzulo asambe kuchotsa mafuta ndi thukuta, ndipo apa m'pamene vaselini ali ndi malo ake, kufeŵetsa khungu ndi milomo usiku. Mabotolo asungidwe pozizira, kutali ndi moto ndi zenera. Khanda losakwana miyezi 6 lisungidwe pamthunzi ndi kuvekedwa bwino, ndipo za mafuta ake mufunse kuchipatala.

Kamodzi pa mwezi kholo liyang'ane khungu la mwana pamalo poŵala, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nkhanambo yokhakhala imene imachoka n'kubweranso, chilonda chimene chatha mwezi osapola, kapena kachotupa kotuluka magazi, zimenezi n'zopita nazo kuchipatala msanga, osayamba mwathira mankhwala a zitsamba. Zoyamba kumene madokotala amaziwumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri, kapena kuzidula, ndipo munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Zikakula zimafuna ulendo wa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ndipo nthaŵi zina zimakhala zitachedwa. Safunsa anadya phula.

Mawu kwa achinyamata

Ana athu, tikudziŵa kuti mukufuna nkhope zosalala, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Ngati ziphuphu zakusiyirani maŵanga, mafuta a SPF 30 m'maŵa uliwonse adzathandiza kuti asade, ndipo vitamini C angawonjezere thandizo. Koma chenjerani ndi mafuta oyeretsa khungu, amene ena amagulitsidwa ndi chithunzi cha ndimu kapena karoti kuti aoneke ngati a mavitamini. Ambiri mwa iwo ali ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a steroid. Ntchito yawo ndi kuletsa melanin, ndiye kuti kusasula denga limene munabadwa nalo. Mu 1975 madokotala a ku South Africa analemba za amayi amene nkhope zawo zinada bii ndi kukhakhala atadzola hydroquinone kwa zaka, ndipo kuda kotere n'kovuta kuchiza. Mu 1990 dziko limenelo linaletsa mankhwalawo m'zodzoladzola. Mercury amawononga impso, ndipo amafika kwa mwana wosabadwa. Mnzanu wachialubino amayenda mtunda kufunafuna chotchinga chimene inu muli nacho chaulere. Musalipire ndalama kuti muchichotse.

Mutu umodzi susenza denga

Banja limodzi silingathe ntchito yonseyi palokha. Boma linakhazikitsa ndondomeko yoteteza anthu achialubino ya 2018 mpaka 2022, ndipo mafuta oteteza amaperekedwa kwaulere m'zipatala za boma pamene alipo. Kholo lipite botolo lisanathe, ndipo likapeza kuti mafuta palibe lifunse tsiku lobweranso. Bungwe la Association of Persons with Albinism in Malawi lilipo kuti liwalankhulire, ndipo n'kwabwino kuti banja lililonse lotere lidziŵane nalo.

Koma zambiri zili m'manja mwathu. Aphunzitsi timlole mwana kuvala chipeŵa ndi malaya a manja aatali ngakhale yunifolomu ikunena zina. Timkhazike kutsogolo pafupi ndi bolodi, kutali ndi zenera, ndipo tizilemba zilembo zazikulu, pakuti ambiri a iwo saona patali. Pa mzere wa m'maŵa ndi pa maseŵera aime pamthunzi, ndipo asapatsidwe chilango cholima kapena kutchetcha masana. Pa misonkhano ya panja, pa maukwati ndi pa maliro, pamene akuluakulu timathamangira tsinde la mtengo, tikumbukire amene mthunzi kwa iye ndi mankhwala. Amayi a Chigwirizano amene ali ndi makina angathe kusoka chipeŵa cha khonde ndi nsalu yotsala, ndipo achinyamata a njinga angaperekeze kholo kukatenga mafuta. Mvula ikagwa tibzale mitengo pa mabwalo a sukulu, ina mwa iyo ikhale ya magwafa ndi mango, kuti ipereke mthunzi ndi vitamini pamodzi.

Tsiku la 13 Juni chaka chilichonse, kuyambira mu 2015, maiko onse amakumbukira anthu achialubino. Mu 2021 anthu a kumpoto chakum'maŵa kwa Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu wawo, ndipo anali munthu woyamba wachialubino kuloŵa m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino. Ana athu angathe kufika kutali chomwecho, koma ayenera kuyamba akhala ndi moyo.

Mtsikana uja tsopano ali mu Sitandade 5. Khosi linapola patatha milungu iŵiri. Chipeŵa chake anasoka ndi mayi wina wa m'mudzi mwawo, ndipo botolo la mafuta limakhala m'chikwama pamodzi ndi makope. Belu la nthaŵi yopuma likalira, anzake ndiwo amayamba kumkumbutsa kuti adzole. Tsiku lina tinakumana ndi mayi ake pa chigayo, ndipo tinawafunsa za kabotolo kaja. Anaseka, nati: "Aphunzitsi, ndinakataya kudzala. Chaka chino mtedza ndagulitsa matumba aŵiri okha, limodzi ndasunga la ndiwo."